Miyala ya Pansi pa Chombo

Mnansi wanga kuno ku Bembeke ndi mkulu amene anagwira ntchito zaka zambiri pa zombo za matanga kunyanja. Lero amalima mbatata paphiri, ndipo mvula ikagwa sawoloka ngakhale kamtsinje. M'mawa uliwonse amanyowetsa chala n'kuchikweza kuti amve mphepo, ngati kuti munda wawo uli pa ulendo.

Zizindikiro za tsiku loipa amazidziwa pamtima. "Woyendetsa chombo akakufunsa ngati umatha kusambira, tsanzika abale," amatero. "Wokapa madzi akabwera ndi zikho ziwiri, lapa machimo ako." Ife timaseka, iwo ayi.

Mwezi watha ndinawauza kuti ndikutsikira kunyanja ndi nsalu zanga zamalonda. Zombo ziwiri zinkapikisana kuwoloka, ndipo ndinkafuna chothamanga kuti ndikafike tsidya anzanga asanafike.

"Mwanawe, usakayang'ane tanga. Ukasuzumire pansi, uone ngati miyala yoletsa chombo kupendeka ilimo."

"Miyalayo imangochedwetsa, bambo. Popanda iyo tipindula theka la tsiku."

Mkuluyo anati: "Inenso ndinawerengera choncho. Tinkapikisana ndi chombo china, ndipo miyalayo ndinaitaya ndi manja angawa kuti tipepuke. Mphepo ya mwera itawomba, chombo chathu chinagubuduzika. Mng'ono wanga ndiye ankakapa madzi tsikulo, ndipo sitinamuonenso."

Kudoko ndinapeza miyala itaunjikidwa pamchenga, pambali pa chombo chothamangacho. Ndinakwera chinzake, n'kufika mochedwa.

Nditabwerako, mkuluyo sanafunse za malonda. Anangondigwira mkono, osausiya msanga.