Dzira la Kamtanda ka Makala

Linali Lachisanu, leveni koloko m'mawa, pamene dzira lija linatuluka m'khutu mwanga. Inali nyengo yotentha, mango asanapse, ndili sitandade folo.

Aphunzitsi anatikhazika pansi pa mtengo, nkunena kuti kwabwera bambo wamatsenga. Bamboyo anavala jekete lalikulu ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Analoza ine, mwina chifukwa ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga. Dzanja lake linkanunkha fodya. Anandikhudza khutu, nkundiika dzira m'manja. Linali lofunda. Pambali pake panali kamtanda ka makala.

Kamtanda kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene amayi ankalembera mazira amene thadzi lathu linkafungatira, kuti asasokonezeke ndi oikira kumene. Anzanga ankaomba m'manja, ine ndikungoyang'ana kamtandako.

Sikuti matsenga ndinali ndisanawaonepo. Amalume, omwe ankapalasa kabaza ndipo ankakhala kwathu, ananditengapo kukaonera vidiyo ku Namadzi. Pa TV munthu anacheka mayi pakati ndi sowo, mayiyo nkudzuka akumwetulira. Palibe anachita mantha. Ena ankangotafuna nzimbe. "Imeneyo ndi kamera basi, mphwanga," anatero amalume. "Matsenga enieni ndi apamaso, oti ugwire wekha."

Ndiye ndinagwiradi. Nditafika nalo kunyumba, amayi analiyang'ana, nkupita kukanyamula thadzi lija. Dzira limodzi panalibe. Anakhala pansi pomwepo. "Munthu woti ali kusukulu, dzanja nkufika pansi pa nkhuku yanga, angalephere kunditengera mwana?" Amayi anati kusukulu ndisapondekonso mpaka bamboyo ataiwala nkhope yanga. Amalume anali pakhonde, akupopa njinga.

Teremu inatha ndili pakhomo. Yotsatira ndinachita manyazi kukakhala ndi ana aang'ono, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo.

Masiku ano bambo a mwana wanga amandionetsa zamatsenga pafoni, anthu akusowetsa galimoto. Nawonso amati nzabodza, zaluso nzapafupi. Ine sinditsutsa, ndimangomukoka mwana kumuika pamiyendo. Zonse nzabodza, inde. Koma bodza la pa TV limathera m'galasi momwemo. Lapafupi limafuna wina wodziwa pakhomo panu, wodziwa pogona nkhuku, wodziwanso kuti ndi mwana uti amene sangatsegule pakamwa pagulu.

M'mawa wa Loweruka lotsatira tsiku la dzira lija, ndinalawirira kukasesa kumsewu. Ndinaona amalume akupalasa kulowera ku Milepa, kumbuyo atakweza bambo wajekete uja, onse akuseka. Ndinataya tsache, nkuthamangira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinagwada kuwapempherera amalume, kuti munthu woopsa uja asawachite choipa panjira.