Tsiku limene wafilosofi wanga anagwada

Mwana wanga wamkazi atapita ku yunivesite kukaphunzira filosofi, ine kutchalitchi ndinkauza anthu kuti akuphunzira zamalamulo. Ndikanatani? Nditamufunsa zomwe amaphunzirazo, anati anzeru ena a ku France ndi ku Italy analemba kuti munthu amene mawu ake samvedwa amasanduka thupi chabe, loti ena azilipangira zochita. Ndinati chabwino, bola ntchito idzapezeke.

Pakhomo filosofiyo inagwira ntchito imodzi yokha: mwana analeka kugwada popatsa bambo ake tiyi. Akuti kugwada n'kuponderezana. Chichewa ankamva bwinobwino, koma kuyankha kwake kunali kwa Chingerezi, chachitali ngati ulaliki wa mlendo.

Kenako bambo akewo anadwala sitiroko. Chingerezi chonse chimene ankakalipira nacho anthu poyendetsa basi kuno ku Edmonton kumene timakhala chinathawa, kunangotsala Chichewa, nachonso chotuluka movutikira. Achipatala anaganiza zowatumiza kunyumba yosamalira okalamba. Ine ndimagwira ntchito kunyumba zoterozo, ndipo ndinkadziwa kuti akalowa, kwathu sabwereranso. Ndinachita mantha.

Tsiku lokambirana tinaimirira mozungulira bedi: dokotala, nesi, mayi wa kukhonsolo woona za chisamaliro cha anthu, mwana uja ndi ine. Nkhani inkadutsa pamwamba pa mutu wa mwini wake ngati tikukambirana zosamutsa sofa. Mwana anayamba Chingerezi chake cha m'mabuku, dokotala n'kuyang'ana wotchi. Mwanayo anasiyira panjira. Ndinangoona wagwada pansi, ndi jinzi yake yong'ambika m'maondo ija.

"Adadi, inuyo mukufuna chiyani?"

Chichewa chake chinali chopindika ngati cha wansembe wongofika kumene, koma chinafika. Bambo ake anamuyang'ana.

"Kunyumba kwanga," anatero. "Uwauze... ndikumva."

Mwanayo anawauza ali chigwadire. Dokotala anakoka mpando n'kukhala pansi, ndipo funso lotsatira anafunsa wodwalayo. Ine misozi inali mbwembwembwe, manyazi ndinalibe.

Pobwerera m'basi sindinathe kupirira. "Ndiye a pulofesa, lero mwagwada?"

"Mum, please. Bedi inali low, basi."

Bambo ake ali kunyumba tsopano, pampando wawo wa pawindo, akulalatira TV. Tiyi amawapatsabe ali chiimire, mwana wouma mutu ameneyu. Koma asanathire shuga amayamba wawafunsa m'Chichewa, n'kudikira mpaka ayankhe okha.