Ngongole imene ndinavomera patsogolo pa jeneza

Tisananyamule jeneza kupita kumanda, ashehe anafunsa funso limene limafunsidwa pa maliro kwathu kuno: ngati pali amene malemu anali naye ngongole anene, wachibale aisenze, kuti wopitayo apite wopepuka. Ndinali nditalimvapo kambirimbiri. Nthawi zambiri anthu amangoyang'ana pansi.

Tsiku limenelo wina anaimirira. Anali bambo wachikulire wa ku Nkopola, mwini bwato. Dzulo lake mkazi wanga, akuchokera kuntchito pa galimoto yathu, anazemba wakabaza amene anangotulukira mumsewu, n'kukagunda bwato la bamboyo lili pangolo, injini ili momwemo. Mkazi wangayo anamwalira asanafike naye kuchipatala.

"Pepani anthuni," anatero bamboyo, chipewa chili m'manja. "Sindinabwere kudzavutitsa. Koma mwafunsa, ndipo ndikakhala chete ndimulakwira mwanayu."

"Ngongoleyo ndi yanga," ndinatero.

Sizinandivute kunena. Galimoto inali m'dzina langa, ndipo inshuwalansi sindinkadumphitsa chaka. Mumtima ndinkati alipira ndi iwowo.

Ku ofesi ya inshuwalansi mayi wina anandifotokozera mofatsa kuti yangayo, pa katundu wa eni, inali ndi polekezera. Zimene anapereka zinakwana matabwa, misomali ndi mmisiri. Injini inatsalira ine.

Mnzanga amene tinali limodzi ku koleji anati ndisapupulume.

"Aise, unasaina penapake?"

"Ayi."

"Ndiye ukudzipheranji? Msiye akasume. Milandu yotere imakalamba ili kukhoti."

Sindinamutsutse. Za malamulo amazidziwa kuposa ine. Kungoti pa maliro paja anafika titaika kale.

Patapita masabata angapo kunabwera atsibweni a mkazi wanga. Anamwa tiyi, nakamba za mvula, kenako anati, "Akamwini, sadaka yayandikira. Mpunga tiupeza, mbuzi ilipo. Koma anthu anamva zimene munanena paja. Sitingamupempherere mwana wathu zili chomwechi."

Chimene ndinali nacho chogula injini chinali chimodzi: puloti ya ku Lungwena. Anaipeza ndi malemu mkazi wanga. Njerwa anali ataumbitsa kale, uvuni uli chiimire, ndipo tinkakangana za khomo. Ine ndinkafuna liyang'ane kumsewu. Iye ankati fumbi la kumsewu akalisesa ndani, liyang'ane kumtengo wa mango.

Ndinayamba ndapita ku Nkopola, mwina ndi chiyembekezo chimene sindinkafuna kuchitchula. Ndinapeza bwato latsopano lili pamchenga, lopaka kale utoto. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'bwatomo, ankasoka ukonde umene unalibe pong'ambika penipeni. Mmodzi anati, "Takulandirani bwana. Bwato lokongola, eti? Tikumagonamo masana."

Anzake anaseka pang'ono, bambo aja n'kuwadzudzula ndi diso. Ananditengera pambali.

"Mwana wanga, ine gawo langa ndingakhululuke lero lomwe, Mulungu ndi mboni. Koma awa amadyera injini imeneyo, ndi ana awo. Zawozo ndiwakhululukira bwanji ine?"

Ndinagulitsa puloti pamodzi ndi njerwa zake kwa wamalonda wina wa m'tauni. Injini tinakagula limodzi ndi bamboyo, anasankha yekha.

Pa sadaka, anthu asanayambe kudya, iye anaimiriranso, chipewa chomwe chija m'manja. Anati mwana uja alibenso naye kanthu, zonse zatha. Ashehe anakweza manja, tonse tinakweza. Apongozi anga aakazi, amene sanandiyang'ane kumaso chichitikire ngozi, anatumiza mbale ya mpunga kumene ndinakhala.

Ku Lungwena ndinadutsako kamodzi pa minibasi. Nyumba inamangidwa, khomo likuyang'ana kumsewu. Pakhonde panali mayi akusesa.