Makina Anagona pa Balaza

Mgodi wa ku Kabwe utatsekedwa, amuna anga anatha miyezi akungoyendayenda pabwalo. Anabadwira ku Kabwe komweko, mwana wa munthu wochokera ku Malawi, ndipo kuyambira ali mnyamata ntchito yawo inali yopala zitsulo pamakina. Atamva kuti a mgodi akugulitsa makina akale, anakagula omwe iwo ankagwiritsa ntchito. Sanandifunse. Ndinangoona lole itaima pakhomo pathu ku Katondo, chinthu chobiriwira chachitali ngati bedi chitamangidwa ndi matcheni.

Chisakasa cha malata anali atachimanga kale kuseri kwa nyumba. Njira yopitira kumeneko inali kampata ka pakati pa nyumba yathu ndi mpanda wa aneba. Iwo anati anapima ndi chingwe, makina adutsa.

Kunabwera anzawo asanu a kumgodi, onse opanda ntchito ngati iwo. Anayala matabwa, n'kuika mapaipi pansi pa makina kuti azigubuduka. Paipi ikatsalira kumbuyo, wina ankathamanga nayo kukaiika kutsogolo. Pofika pakampata paja, makina anakana. Amuna anga anali ataiwala paipi ya madzi yotuluka m'khoma.

Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, osayang'ana munthu.

"Ba mudala, tigwetse mpanda," anatero mnzawo wina.

"Si wanga," anayankha.

Ndinali nditaima pakhomo ndi chigubu cha munkoyo, chakumwa chonga thobwa. Ndinayang'ana chitseko cha kumaso, ndinayang'ananso cha kukhitchini. Zinali zopenyana.

"Abambo, bwanji adutse m'nyumba?" ndinatero.

"Amayi, simenti yanu ija?"

Ankadziwa. Pansi pa balaza panga ndinkapaka polishi wofiira Loweruka lililonse, nditagwada, mpaka munthu n'kudziona nkhope.

"Pitani nawo ndisanasinthe maganizo," ndinawauza.

Anazula chitseko ndi felemu yake, ife tinatulutsa mipando. Makina anakwera sitepe ndi jeke ya galimoto, pang'onopang'ono, azibambo akuitanizana m'Chibemba monga ankachitira kuntchito. Mapaipi ankalira pasimenti ndipo ine ndinapita kukachapa mbale zoyera kale. Atafika pakati pa balaza anapeza kuti khomo la kukhitchini n'lopapatiza, pafunika kuchotsa njerwa. Mphamvu zinali zitawathera, anagwirizana zobweranso Lachisanu.

Makina anagona pabalaza masiku atatu. Tinkadya titawazungulira. Lachinayi linali tsiku langa lolandira amayi a kumpingo, ndiye makinawo ndinawafunditsa nsalu yoluka ya patebulo, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Mayi wina wachikulire anapachika ambulera yake pachogwirira, osafunsa kanthu. Amuna anga atasuzumira n'kuona maluwawo, anathawira panja kukaseka. Ndinawamva ndili pakati pa pemphero.

Lachisanu anachotsa mzere umodzi wa njerwa, makina anadutsa pafupi ndi mbaula mpaka kuchisakasa. Kuti alumikize magetsi okwanira makinawo panapita mwezi wina. Ntchito yoyamba inali kachitsulo ka chigayo cha ku Nakoli. Atamaliza anabwera nako kukhitchini kali kotentha, n'kundipatsa m'manja.

"Gwirani, mumve kusalala kwake."

Ndinakagwira, ndinati n'kosalaladi, kenako ndinawafunsa tsiku lomwe adzandibwezere njerwa zanga. Anati sabata ya mawa. Anabwezera mvula itayamba, nkhuku zitazolowera kale kulowera pampatapo.