Mayi Dikirani, Okolopa m'Wodi ya Makanda

Tonse mumpingo muno tinkawatchula kuti Mayi Dikirani, ndipo ambirife dzina lawo laubatizo talimva koyamba pamaliro.

Anali achisamba m'banja la ana asanu ndi awiri. Mayi awo atamwalira, anasiya sukulu kuti alere azing'ono awo. Atakula anakwatiwa ndi kalipentala wofatsa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi. Anatuluka naye m'chipatala tsiku lomwe anabadwa asanamuyeze, poti kunyumba ntchito inali kudikira. Patapita masiku anayi, maso a khandalo anachita chikasu. Pomwe ankabwerera nalo kwa dokotala, matendawo anali atawononga kale makutu. Mwanayo anakula wosamva. Mayiwa sanamulozepo chala Mulungu. Anaphunzira kulankhula ndi manja, ndipo Lamulungu lililonse ankamumasulira ulaliki pabenchi yakumbuyo.

Amuna awo atatisiya, anapeza ntchito yokolopa m'wodi ya amayi ochira kumene. M'menemo anamwino amayeza khanda lililonse lisanapite kwawo: kulemera kwake, maso, makutu, kugunda kwa mtima, ndi kadontho ka magazi kochokera kuchidendene. Koma mzere ukatalika, makolo ena ankazemba. Mayiwa akaona wina akumanga katundu, ankafika ndi chokolopera chawo n'kunena kuti, "Dikirani kaye, mwanangu. Khanda silinena pomwe pakupweteka." Dzina lija linachokera pamenepa.

Tsiku lina bambo wina woyendetsa galimoto yahayala, amene anabwera kudzatenga mkazi wake ndi khanda, anawakalipira.

"Kodi inu ndinu adokotala? Zanu ndi ndowa basi!"

"Zoona, bambo," anayankha modekha. "Koma pakhomo apa ndangokolopa kumene. Mukaterereka ndi mwanayo, ine ndilowera kuti? Khalani pansi, paume."

Anapakolopa katatu pakhomopo mpaka namwino anafika. Khandalo linapezeka ndi vuto la mtima, ndipo linalandira chithandizo sabata yomweyo. Lero ndi mphunzitsi. Bambo ake aja ndi amene ankawatenga mayiwa pagalimoto kubwera nawo kutchalitchi miyendo itayamba kukana, ndipo ankadziseka okha kuti, "Ine anandigonjetsa ndi ndowa."

Anakolopa m'wodi imeneyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ena ankawanyoza, ena ankakawaneneza kwa akuluakulu, koma iwo sanasungire munthu mangawa. Atapuma pantchito, mawondo atatupa, ankakhala pakhonde ndi kolona m'manja, kupempherera makanda omwe sadzawaona.

Anatisiya Lachitatu m'mawa atalandira masakramenti, nkhope ili phee ngati ya munthu wogona.

Pamisa yamaliro, wansembe anapempha kuti aimirire onse amene ana awo anayezedwa chifukwa cha mayiwa. Mabenchi analira mbali zonse. Ine wolemba ndinayamba kuwerenga, koma ndinalekera panjira, pakuti nanenso ndinayenera kuimirira.

Ambuye awalandire m'nyumba yawo yamtendere.