Mayi Wodetsa Mizere

Ku ofesi yoyang'anira makampani a mafoni amamutchula kuti Mayi Makala, chifukwa zala zake siziyera. Chipinda chake chili kumapeto kwa khonde, chopanda zenera. Muli tebulo, kabati yachitsulo ndi makina okopera mapepala amene amatsokomola akatentha.

Kampani ikabwera ndi pempho kapena mlandu, imapereka zikalata zonena zam'kati mwake, ngakhale malo amene ikufuna kumangapo nsanja. Zina aliyense angathe kudzawerenga, zina ndi zinsinsi za malonda. Maloya amachonga ndi pensulo mizere yofunika kubisa, iye n'kuidetsa ndi cholembera chakuda. Koma sathera pomwepo. Inki ikauma, zilembo zimaonekera ukalozetsa pepalalo kudzuwa. Ndiye amayamba walikopa, n'kutulutsa kope lokhalo. Lenilenilo limagona m'kabati.

Mwamuna wake amamuseka kuti anakwatira loko. Iye amayankha kuti lokoyo ndiye amagula sopo pakhomopo.

Vuto linabwera ndi alamu ake, amuna a mkulu wake amene anamulera. Anamva kuti kampani ina ikufuna malo a nsanja, ndiye ankati akagule malowo ena asanadziwe. Anamuimbira foni kuti awauze malowo, n'kumukumbutsa kuti anakulira m'nyumba mwawo, nsapato zake zoyamba anagula ndi iwo. Anamaliza n'kunena kuti akakana, pakhomo pawo asadzapondeponso.

Malowo ankawadziwa. Dzina lake analidetsa ndi dzanja lake lomwe.

Loweruka anavala bwino n'kupita kwa alamuwo ndi envulopu. Anapeza mkulu wake akusita, alamu atakhala pampando wawo wa pakhomo. Anawapatsa ndi manja awiri. Alamu anatsegula akumwetulira, koma pofika pamene pankayenera kukhala dzina la malo anapeza mzere wakuda bii. Anaimirira n'kupita pazenera, n'kukweza pepalalo kudzuwa. Analitembenuza, analipendeketsa, mpaka kuvula magalasi. Ayi ndithu.

"Mlamu, ife tinakulera, iwe ukutibweretsera makala?"

"Limeneli ndi limene amalandira aliyense akabwera ku ofesi, alamu. Zotsalazo si zanga, sindingagawe."

Iye maso sanagwetse pansi. Alamu analankhula zambiri, za ana osayamika, za anthu amene akangopeza kampando amaiwala kwawo. Kenako anamulozera chitseko.

Anatola chikwama chake. Apa ndi pamene mkulu wake anaimika simbi.

"Ukupita kuti ndi mutu umenewo? Khala apa ndikuluke. Bambo awa asiye, dzulo lomweli amanena kuti agula galimoto."

Anakhala pansi pakati pa miyendo ya mkulu wakeyo, monga ankachitira ali mwana. Alamu anatuluka akung'ung'udza, pepala lili m'manja. Atafika pabwalo analikwezanso kudzuwa.