Ndinasanduka Pakamwa pa Abambo

Abambo anga anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Lirangwe. Atapuma pa ntchito anapeza ana ena owakalipira: andale amene ankabwera pa pulogalamu ya mafunso ndi mtsutso ya pa kanema, Lamulungu lililonse madzulo. Ankaonera ali chiimire, akuloza chala nduna kapena phungu amene waitanidwa tsikulo.

"Yankhani funso, bwana! Sanakufunseni za boma lapitalo!"

Ife tinakula tikumva zimenezi, mpaka wofunsa mafunso uja anamera imvi tikumuona.

Sitiroko itawagwira, inapha dzanja ndi mwendo wakumanja, n'kuwalanda mawu. Amayi anali atatisiya kale. Ine ndinkagulitsa mankhwala mu famase ina ku Limbe. Achimwene anga awiri anagwirizana kuti poti ndine wamkazi, wosakwatiwa, ndipite kumudzi kwa kanthawi pomwe iwo akufunafuna munthu wowasamalira. Ndinanyamula chikwama chimodzi chokha.

Kanthawi kaja kanasanduka zaka. Mkulu wina wa mpingo ankabwera m'mawa kudzawasambitsa, poti mwana wamkazi sangatero. Zina zonse zinali zanga: kuwadyetsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda. Ulendo wanga wautali unali wa kumsika wa Lirangwe, wothamanga, mtima uli kunyumba. Ndege ikamadutsa kukatera ku Chileka ndinkaimika kaye kuchapa, manja ali thovu lokhalokha.

Pulogalamu ija sanaisiye. Nthawi ikakwana ankagogoda pansi ndi ndodo mpaka ndiwakhazike pa mpando, ine pambali pawo. Wandale akayamba kuzemba funso, ankandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere n'kufinya, osasiya mpaka ndilankhule zomwe akanalankhula iwo. Ndikakalipira munthu wolakwika, ankafinya kwambiri. Ndale sindinazikondepo chibadwire, koma ndinafika podziwa amene angayankhe kuti "tikuziunika" asanatsegule n'komwe pakamwa.

Tsiku lina mnzanga wa ku ntchito anandiimbira. Ankatsegula famase yake ku Chileka ndipo ankafuna munthu woti ayambe ntchito Lolemba. Ndinaimbira achimwene aakulu.

"Achimwene, ndapeza ntchito. Munthu uja munamupeza?"

"Achemwali, pirirani pang'ono. Kuno zinthu sizili bwino. Komanso mlendo angawamvetse mdala ngati inuyo?"

Aang'ono sanayankhe foni.

Lamulungu limenelo pa kanema panali nduna ndi phungu wotsutsa, akulimbana za mankhwala m'zipatala. Abambo anandifinya. Ndinakhala chete. Anafinyanso, akundiyang'ana modabwa. Ndinachepetsa mawu a kanema n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

"Ababa, andiitana ku ntchito ku Chileka. Akufuna ndiyambe mawa. Ndikufuna kupita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Malovu ankatsikira pa kolala ya malaya awo a kutchalitchi. Kenaka anasiya mkono wanga, nakweza dzanja n'kuloza kukhomo. Analozanso kachiwiri, mwamphamvu, misozi ili mbwembwembwe. Ankandiuza kuti pita.

Ndinawapukuta pakamwa. Ndikanapita bwanji? Munthu wondimasula anali yemweyo amene sakanatha kudzitungira madzi akumwa. Lolemba linandipeza ndikuyanika zofunda pa chingwe, ndipo ntchito ija anapatsa mtsikana wina wa ku Mdeka.

Kuyambira pamenepo sanandigwirenso pamkono. Tinkaonerabe limodzi, iwo dzanja lili pa bondo, andale akulalatirana, m'nyumba muli zii. Nthawi zina ndinkakalipa ndekha kuti mwina asangalale, koma sankatembenuka.

Patapita milungu ingapo achimwene anatumiza njinga ya olumala pa minibasi, eni ake osabwera. Ndinakailandira ku siteji n'kuikankha yopanda munthu mpaka kunyumba, anthu akundiyang'ana. Inali yatsopano, yonyezimira. Pa khomo la kuchipinda kwa abambo inakana kulowa, ndipo ndinaiimika pakhonde.